Madiramu atatu a ku Tsabango

Anthu a ku Area 23 akamakamba za chaka chija amakumbuka ng'amba ya mu Januwale ndi mizere ya kumsika wa chimanga. Ine ndimakumbuka shedi ya pulasitiki. Njala yathu ife amayi asanu ndi mmodzi sinachokere kumwamba kokha ayi. Ina inabwera pa galimoto, itavala bwino, ikulankhula mwaulemu.

Kwathu kuno amanditchula amake Tadala. Makolo anga anachokera ku Dedza, koma ine ndinabadwira m'tauni muno. Bambo a Tadala amapalasa kabaza, ndipo ine nthawi imeneyo ndinkakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pa geti la sukulu. Chaka chilichonse tinkalima kamunda ka lendi ku Tsabango, m'mphepete mwa dambo. Munda woyandikana ndi wathu unali wa aNasibeko, mayi wamasiye wochokera ku Ntcheu, wa ana atatu. Kwa zaka zambiri iwo ankandidikira pa kona ya chigayo m'mawa, makasu pamapewa, n'kumapita limodzi.

Novembala

Mvula yodzalira inagwa bwino, tinadzala mitima ili m'malo. Chimanga chitangomera, mfumu ya buloko yathu inaitanitsa amayi a minda ya m'mbali mwa dambo. Tinapeza pikiapu yoyera itaima pansi pa mtengo wa mango, ndi bambo wina wa malaya ositidwa bwino amene anati tizimutchula a Supavaiza. Dzina la bungwe lawo analitchula kamodzi kokha, mothamanga, m'Chingerezi.

Anatulutsa njere zakuda m'thumba la malaya.

"Amayi, izi mukuzidziwa?"

Tinaseka. Ndani sadziwa nsatsimanga? Timaidzala ngati mpanda chifukwa ngakhale mbuzi siziidya.

"Inu mukuona mpanda, ife tikuona dizilo," anatero. "Njerezi tikazifinya zimatuluka mafuta oyendetsa lole. Mwaiona mizere ya magalimoto m'taunimu? Tsiku lina idzatha chifukwa cha inu. Tikufuna amayi olimbikira oti atisamalire mbande."

"Malipiro ake?" anafunsa amake Yamikani, mayi wosabisa mawu amene ankagulitsa makala pa msewu wathu.

"Ndalama imauluka, mayi. Ife tipereka chimanga. Aliyense amene mbande zake zidzakhale zobiriwira ndi zamphamvu adzalandira thumba mu Januwale, lina mu Febuluwale, lina pomaliza."

Bambo ameneyu miyezi yathu ankaidziwa. ANasibeko ananditsina pantchafu, maso ali gwa pa a Supavaiza. Nditafotokoza kunyumba, bambo a Tadala anangoti, "Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere." Koma matumba atatu ndani akanawakana?

Disembala

Anamanga shedi pamwamba pang'ono pa minda yathu: mitengo ya bulugamu, mpanda wa waya, denga la pulasitiki. Tinafunsa kuti bwanji akutchinga mvula pamene mbewu imakonda mvula. Anati mvula imasukulutsa mankhwala.

Mankhwalawo anali m'madiramu atatu, lina la chivindikiro choyera, lina chabuluu, lina chofiira. A Supavaiza ankabwera okha sabata iliyonse kudzawadzaza.

"Madzi ndi amodzimodzi," anatiuza. "Mitunduyi ndi yoti musamakanganirane pa diramu limodzi. Aliyense azitunga pa lake basi. Ndipo musayerekeze kulawa, ndi poizoni. Mukamaliza muzisamba m'manja."

Ine anandiika pa diramu loyera pamodzi ndi akazi a amfumu. Amake Yamikani ndi mlamu wawo anapita pa labuluu. ANasibeko anawapatsa lofiira limodzi ndi mayi wina wodwaladwala, amene pakutha kwa mwezi anali atasiya, mizere yake n'kutsalira aNasibeko omwewo. Aliyense anali ndi mizere yake ya machubu, chubu chilichonse chili ndi kachikwangwani ka nambala. Kuthirira kunali m'mawa ndi masana, kapu imodzi pa chubu, tsiku lililonse, ngakhale Lamulungu.

Mbande zanga zinamera zonse pamodzi ngati ana a sukulu pa asembule, masamba otambalala, mapesi onenepa. Za diramu labuluu zinamera mochedwerapo. Za aNasibeko zinatuluka mwa apo ndi apo, zina osatuluka n'komwe, ndipo zotulukazo zinkangokhala pomwepo ngati zakwiya.

"Mwina ndinakwirira kwambiri," ankatero aNasibeko, akukanda dothi ndi chala.

Imeneyo inali nthawi yopalira. Ife a mbande zosavuta tinkathirira n'kuthamangira ku munda. Iwo ankatsala mu shedi.

Januwale

Chaka chatsopano chitangolowa mvula inadula. Thambo linayera mbee, chimanga chinayamba kupota masamba ngati anyezi. Kumsika mtengo unkasintha munthu uli pa mzere. Amene tinkagula ndowa tinayamba kugula chigoba, amene ankagula chigoba anatsikira pa timapepala ta ufa tija timati wokumani. Kunamveka mphekesera yakuti malole a chimanga afika ku depoti, anthu n'kukagona kumeneko, kubwerako ndi matumba opinda m'khwapa.

Mu shedi, mbande za aNasibeko zinayamba kupsa m'mphepete mwa masamba ngati wina wazidutsitsa pamoto. Masamba a m'munsi ankachita chikasu n'kuthothoka. Chodabwitsa n'chakuti zinkafota dothi lili lonyowa. Pamwamba pa dothilo panayamba kuoneka zinthu zoyera ngati phulusa. Mayi aja anaganiza kuti mbande zili ndi ludzu, anayamba kuwonjezera kapu ina mobisa, ndipo zinthu zinangoipiraipira. Manja awo anang'ambika, ndipo akawaviika mu diramu ankaluma mano ndi ululu.

Kunkabweranso mtsikana wina wophunzira, waulemu ndithu, pa tsiku losiyana ndi la a Supavaiza. Ankayeza mbande ndi rula, kuwerenga masamba, kujambula ndi foni. Pa mizere yanga ankadutsa mofulumira. Pa ya aNasibeko ankakhalitsa, atagwada, akujambula tsamba lililonse lopsa. Ife tinkati ndi chisoni.

Tsiku la chimanga linafika. Pikiapu inatsitsa matumba awiri athunthu, langa ndi la akazi a amfumu. A diramu labuluu anawapatsa theka, agawane. ANasibeko anaimirira chitenje chomangira katundu chili m'manja.

"Mayi, tiwapatse chiyani?" anatero a Supavaiza pamaso pa tonse. "Taonani za amake Tadala. Njere ndi zomwezo, dothi lomwelo, madzi omwewo. Mbewu imadziwa dzanja laulesi."

Anauza mawu amenewo munthu amene ankafika mu shedi tonse tisanafike. ANasibeko anapinda chitenje chija, natenga kapu, nabwerera ku mizere yawo.

Febuluwale

Mwezi uwu ndi umene munthu umamudziwa mnzako. M'makomo ambiri moto unkayaka kamodzi patsiku. Madeya amene tinkapatsa nkhuku anayamba kugulitsidwa pa mbale. Ena anagulitsa mawailesi, ena matilesi, ena anatumiza ana kumudzi kumene kunalinso njala yomweyo. Mvula inabwerera pakati pa mwezi, koma chimanga chambiri chinali chitamasula kale ngayaye chili chofupika m'chiuno. Cha aNasibeko chinali m'tchire, chifukwa khasu linali lisanapitemo bwino.

Ndipamene anthu anayamba kunong'ona. Anati sizingatheke kuti mizere yoyandikana, pansi pa denga limodzi, ina ikondwe ina ife. Anati amake Tadala ali ndi mfumba, mankhwala aja amati amakoka mphamvu ya mbewu za anzako kubwera kwako. Mbande za akazi a amfumu zinali zobiriwira ngati zanga, koma ndani akanatchula dzina la akazi a amfumu? Mlandu wonse unagwera ine.

Amake Yamikani anandiuza maso ndi maso pa kiyosiki ya madzi.

"Ena akunenepa ndi thukuta la anzawo. Mulungu akuona."

"Mukunena ine, amake Yamikani?"

"Ndatchula dzina?"

Pa geti la sukulu ana anayamba kulambalala beseni langa. Mwana wina anati amayi ake anamuletsa, akuti zitumbuwa zanga zimachotsa nzeru. Ndinkabwerera nazo kunyumba zitazizira, mpaka ndinasiya kukazinga. Tadala anabwera akulira kuti anzake akumuti mwana wa mfiti. Chimanga chinalipo m'nyumba, koma sichinkatsika pakhosi.

Thumba lachiwiri litabwera ndinapungula ndowa n'kupita nayo kwa aNasibeko. Analandira ndi manja awiri, anathokoza, koma sanandiyang'ane kumaso. Pofika madzulo nkhani inali ponseponse yakuti mfiti yabweza pang'ono zimene inaba. Iwo eni sanandinenepo choipa ngakhale tsiku limodzi. Anangosiya kundidikira pa kona ya chigayo. Zimenezo zinandiwawa kuposa pakamwa pa amake Yamikani.

Kenako mwana wawo wotsiriza, Chikondi, anayamba kutupa mapazi, tsitsi n'kufiira. Anamugoneka ku chipatala, kumene ankamupatsa chiponde. Mukuganiza kuti mayi ake anakhala pambali pake? Anasiya mwana wawo woyamba kuti adikirire m'bale wake, iwo n'kumayenda wapansi kupita ku Tsabango kukathirira. Ankati mwina zotsalazo zikatsitsimuka alandirako thumba lomaliza. Mayi kusiya mwana pa bedi la chipatala kuti akasamalire timitengo tosadyedwa!

Malichi

Zinaululika chifukwa cha mbuzi. Waya wa mpanda unamasuka mbali ina, ndipo tsiku lina m'mawa ndinapeza aNasibeko akuthamangitsa mbuzi za eni ake mu shedi. Sizinakhudze mbande. Zinaunjikana pa diramu lofiira, zikunyambita pansi pamene madzi ankatayikira, zikunyambitanso zoyera zija za pa machubu.

"Mayo ine, zifa!" analira aNasibeko. "Zamwa poizoni. Ndilipira ndi chiyani mbuzi za eni?"

Tsiku lonse tinali ndi mantha. M'mawa mwake mbuzi zija zinabweranso, zamoyo, zitaitana ndi zinzake. Diramu langa sizinaliyang'ane n'komwe.

Ndinaima n'kuganiza. Mbuzi imanyambita chiyani chonchi? Ndinaviika chala mu diramu lofiira.

"Amake Tadala, musatero!"

Ndinachiika pa lilime. Ndinapita pa labuluu, ndinalawanso. Ndinamalizira pa langa.

"ANasibeko, bwerani mulawe."

Analawa monyinyirika. Nkhope yawo inasintha.

"Mchere," anatero chapansipansi.

Unali mchere, womwewu wa mu ndiwo, umene mwezi wonse wa Febuluwale mayi amenewa ankaphika nkhwani popanda. Lofiira linali lowawa ngati misozi, labuluu pang'ono chabe, langa madzi a pampopi opanda kanthu.

Tinaitana anzathu aja, aliyense analawa yekha. Mtsikana wa rula atafika tinamupatsa kapu.

"Achemwali, talawani mankhwala anuwa."

Sanalandire kapuyo. Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Ndikudziwa kuti ndi mchere, amayi. Kodi inu simunauzidwe?"

"Tiuzidwe ndi ndani?" anakalipa amake Yamikani.

Mtsikana uja anakhala pa njerwa, rula ili pamiyendo. Anati zonsezi zinali kafukufuku. M'dziko muno muli madera amene dothi ndi madzi ake ndi zamchere, chimanga chimakana, ndiye akuluakulu ake ankafuna kudziwa ngati nsatsimanga ingapirire, ndiponso mchere wochuluka bwanji umene ungaiphe. Anafotokoza kuti mchere ukachuluka mizu imalephera kukoka madzi, mbewu imafa ndi ludzu ili m'dothi lonyowa, ndipo umene walowa umawotcha masamba.

"Mbande za mayi awa zinayenera kudwala," anatero. "N'zimene tinabwera kudzaona. Ine anandiuza kuti nonse mukudziwa, ndipo chimanga mukulandira mofanana."

ANasibeko anakhala pansi pa dothi, miyendo atatambasula. Anayang'ana manja awo ong'ambika nthawi yaitali.

"Ndiye kuti sindine waulesi," anatero.

Amake Yamikani anayang'ana kumbali.

A Supavaiza atabwera kudzadzaza madiramu anatipeza tonse titakhala pakhomo pa shedi. Sanakane, ndipo manyazi analibe.

"Amayi, tamvetsetsani. Tikanakuuzani, mukanatunga pa diramu loyera n'kuthirira zanu, kafukufuku n'kuwonongeka."

"Nanga chimanga munachimangiriranji pa mbande zobiriwira," ndinafunsa, "mukudziwa kuti zina munazipha kale?"

"Kuti musamalire ndi mtima wonse. Tinkafuna kutsimikiza kuti zikufa ndi mchere, osati ndi kusasamala. Ndipo mayi awa agwira ntchito yabwino kwambiri, zotsatira zake zaoneka bwinobwino."

Anayankhula ngati akutionetsa nzeru zake. Munthu yemweyo amene anawatcha aulesi pagulu!

"Mwana wawo ali ku chipatala," ndinatero. "Ine andisandutsa mfiti. Apatseni anzanga matumba awo onse."

"Bajeti ya chimanga inatha, latsala ndi la omwe achita bwino. Isitala ikangopita tibwera ndi alendo, tidzazula mbande zonse, tidzayeza mizu ndi masamba pa sikelo. Limenelo ndiye tsiku lenileni, miyezi yonseyi timadikira limenelo. Musasunthe chubu, musachotse kachikwangwani. Amake Tadala, thumba lanu mudzalandira tsiku lomwelo."

Anadzaza madiramu ake, mchere akuthira tikuona tsopano, nakwera galimoto.

Epulo

A Supavaiza anali atatiuza okha pamene pali mtima wa ntchito yawo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti abwere, tinakumana ku shedi dzuwa lili pamutu. Akazi a amfumu anatumiza uthenga kuti mutu ukuwawa. Sanabwere, komanso sanaulule.

ANasibeko ndi amene anayamba. Anazula mbande zawo imodziimodzi, mizu yake yaifupi, yakuda, ngati ya udzu wopserera. Amake Yamikani ndi mlamu wawo anazula zawo. Kenako onse anaima n'kundiyang'ana. Zanga zinali zofika m'mawondo, zonyezimira, ndipo pa izo panali thumba la chimanga. Kunyumba kunatsala ufa wa masiku ochepa, ndipo chimanga cha kumunda chinali chisanaume.

"Zanu zisiyeni, amake Tadala," anatero aNasibeko. "Muli ndi ana."

"Nanga inu muli ndi chiyani?"

Ndinagwira yoyamba n'kukoka. Inalimba, mizu yake inali itaboola chubu n'kulowa pansi. Amake Yamikani anabwera n'kugwira nane. Tinazula zonse, ndi za akazi a amfumu zomwe. Tinazithyolathyola n'kukaziponya m'dambo, tizikwangwani tinaunjika m'ndowa imodzi, madiramu tinagubuduza.

M'mawa mwake kunabwera magalimoto awiri, sikelo, ndi alendo a makamera. A Supavaiza analowa mu shedi akumwetulira, anatuluka manja ali kumutu.

"Mwachita chiyani? Mwawononga ntchito ya chaka chathunthu! Bwanji osandiuza kuti muli ndi madandaulo?"

ANasibeko anaimirira, anakonza chitenje, anagwada pang'ono mwaulemu wa kwawo.

"Pepani bambo. Tikanakuuzani, mukanatiletsa."

Anayamba kutiopseza ndi apolisi. Amake Yamikani anavula mpango n'kuumanga m'chiuno.

"Tiyeni, galimoto ndi iyi! Tikafotokozere limodzi. Alendo anuwa abwerenso amve kuti mumadyetsa anthu chiyani."

Mlendo mmodzi anafunsa mtsikana wa rula kuti amayiwa akuti chiyani. Mtsikanayo anayamba kumasulira, ndipo a Supavaiza anamudula. Anakwera magalimoto awo. Ku polisi sanapite. Patapita masiku kunabwera aganyu kudzaphwasula shedi, anatenga chilichonse mpaka misomali. Thumba langa lomaliza sindinalione.

Meyi

Tinakolola. Ife tinapeza pang'ono, zotifikitsa mwina mu Ogasiti. Munda wa aNasibeko tinakolola awiri, ndipo tinamaliza dzuwa lisanatenthe. Zonse zinakwana mu wilibala imodzi, tizitsononkho tokhala ndi maso owerengeka. Ng'amba inatikhudza tonse, koma munda umenewu unafa chifukwa mwini wake anali mu shedi nthawi yopalira.

Chikondi anatuluka m'chipatala wamoyo, ngakhale anali atabwerera kukwawa mwana woti ankayenda kale. Lendi ya nyumba inawakanika aNasibeko, ya munda ndiye osanena. Kumapeto kwa mwezi achimwene awo anabwera kudzawatenga kupita ku Ntcheu. Ndinawaperekeza ku depoti ya mabasi nditasenza mtolo wa mapoto awo. Ali pa windo anandigwira dzanja.

"Amake Tadala, ija yosiya kukudikirani pa chigayo ija, mundikhululukire. Njala inandilowa m'mutu."

"Sinali njala yokha, aNasibeko."

Basi inanyamuka. Sanabwererenso m'tauni muno.

Nditafika kunyumba ndinapeza amake Yamikani atakhala pa khonde langa, mbale yovindikira ili pamiyendo. Munali mtedza wosenda, woyamba wa m'munda mwawo. Anaiika pansi pafupi ndi mapazi anga.

"Mawa mukazinge zitumbuwa," anatero. "Yamikani abwera kudzagula, ndipo anzake amuona."

Anangonena zimenezo basi n'kunyamuka. Mayi wa makala, amene nayenso anagona ndi njala chaka chimenecho, anadziwa njira ya pakhomo panga. Aja anatithirira mchere aja, a sukulu zawo ndi magalimoto awo, mpaka lero sanabwere ndi mbale.